Chigubu cha Mayi ndi Kabokosi ka Galimoto

Addis Ababa, 24 Meyi

Lakech mkazi wanga,

Landira moni wochokera kuno. Ndikhulupirira uli bwino, iwe, ana ndi Mayi. Ine ndili bwino, kupatula msana umene umadandaula madzulo, koma umenewo unayamba kalekale ndili pa takisi yakale ija.

Usadabwe kuti ndalemba kalata foni ilipo. Foni yakoyo imalankhula ngati wailesi ya m'basi, ndipo ikangolira Mayi amakoka kampando n'kukhala pambali pako. Pa foni tizikambirana za mvula ndi za ng'ombe. Zinazi zizibwera ndi Nesru, poti basi yake imafika ku Agena sabata iliyonse, ndipo iye alibe mtima wosuzumira m'makalata a eni.

M'envulopumu muli ndalama, mabiri 6,000. Umugulire Meaza nsapato, zija zatha mpaka zala zikuona njira. Zotsalazo ugule mchere ndi khofi, ndipo uitane munthu wa udzu akonze denga mvula isanalimbe. Ng'ombe ya chikondwerero cha Meskel izidya bwino. Chaka chino ndikufuna kuti ikamagwa pabwalo anthu amve kuti kwa Tenkir kwagwa chinthu.

Galimoto ikuyenda bwino. Okwera amaikonda poti ilibe phokoso. Bambo wina, tili pakati pa msewu wa ku Bole, anandifunsa kuti ndiiliza liti. Anzanga a petulo akuswera pa mzere, ine ndimangolumikiza chingwe n'kukhala pansi kumwa khofi. Sindikubisira, Lakech, ndimanyada nayo. Munthu amene anafika mu mzinda uno ndi bokosi la polishi lero ali ndi galimoto ya magetsi.

Uwauze Mayi kuti chigubu chawo cha madzi odalitsidwa chinafika, ndipo ndachita monga ananenera. Pa tsiku la Mikayeli Woyera ndinapita nayo ku tchalitchi. Wansembe anawaza pamwamba ndi m'mipando, kenako ine ndinatsegula boneti n'kukhuthulira otsala onse m'katimo, kuti imwe mpaka mumtima monga tinkachitira ndi takisi yakale chaka ndi chaka. Silinatsale ngakhale dontho.

Dzulo kwabwera uthenga pa foni wochokera ku galaja ya Ato Yibgeta, amene anatigulitsa galimotoyi. Akuti kampani ya ku China imene inaipanga yaitanitsa magalimoto onse a mtundu uwu kuti akasinthidwe kabokosi kena, kamene kamalandira magetsi potchaja. Mphira wa pa chivundikiro chake akuti anaupanga molakwika. Kusinthako n'kwaulere. Ndipita ndikapeza mpata. Pakali pano okwera achuluka, ndipo a chipereganyu amene anatipatsa ndalama zogulira galimotoyi safuna kumva za mpata. Lamlungu lililonse amafuna 9,000 yawo. Pangano ukulidziwa: munthu akalephera kusonkha, galimoto amagulitsa.

Ndine mwamuna wako,
Tenkir


Addis Ababa, 19 Juni

Lakech,

Ndili bwino, ndipo ndamva kwa Nesru kuti chifuwa cha Biruk chapola. Mulungu ayamikike. Batala ndi kocho, mkate wa kwathu uja, zimene unatumiza zafika. Anzanga a m'nyumba muno andithandiza kumaliza ndisanawapemphe.

Ulendo uno muli 2,500 basi, ndipo chifukwa chake ndi ichi. Lachiwiri lapitali ndinalumikiza chingwe monga mwa masiku onse, koma galimoto inakana kulandira magetsi. Kanyali kofiira kanangoyaka. Ndinayesa malo ena otchajira, chimodzimodzi. Magetsi amene anatsalamo anandifikitsa pa Saris, kuchokera pamenepo anachita kuikoka mpaka ku galaja ku Kality. Mawu amene ukufuna kunena ndikuwadziwa. Zengerezu adalinda kwawukwawu. Ndadziuza kale ndekha, usawononge pepala.

Ku galajako ndinapeza magalimoto a mtundu wa yanga atandanda ngati odwala pa chipatala. Mtsikana wa pa kauntala anati kabokosi kamene kafa ndi komwe kaja anaitanitsira, ndipo katsopano ndilandira ulere. Mtima unakhala pansi. Kenako anandipatsa pepala: ya manja a makaniko 22,000, ya kompyuta yoyezera 4,000. Ndinamuonetsa uthenga wa pa foni, pamene palembedwa kuti n'zaulere. Iye osadzutsa n'komwe mutu.

"Gashe, bambo anga, chaulere ndi kabokosi," anatero. "Manja a makaniko wathu sanachokere ku China."

Ndinamufunsa ngati amene anapanga mphira molakwika ndine. Anati ndikafunse Ato Yibgeta, amene ali ku Dubai. Tinalipo madalaivala angapo, ndipo tinagwirizana kuti tisalipire mpaka mwini wake abwere. Wina amene m'bale wake ali kunja akuti kumeneko kampani ndiyo imalipira amakaniko pa ntchito yotere. Ngati zili choncho, ndiye kuti kuno akudya konsekonse.

Makaniko wake ndi munthu wochezeka. Tinamwa khofi pa geti podikira kuti mvula isiye. Anandifunsa kuti galimoto yatsopano chonchi yafa bwanji msanga, ine n'kumuuza kuti nanenso zandidabwitsa, poti inamwa chigubu chathunthu cha madzi a Mikayeli Woyera. Anaseka mpaka kutsamwa, n'kundifunsa kuti ndinathira pati. Ndinamulozera.

Masiku ano ndikuyendetsa galimoto ya mnzanga iye akamapuma. Sizambiri, koma chipereganyu ndikukwanitsa. Munthu wa denga uja ngati sanamalize, usamupatse zonse, amathawa. Mayi uwauze kuti galimoto ili ku sevisi. Si bodza.

Tenkir


Addis Ababa, 6 Julayi

Lakech,

Ndikhulupirira nonse muli bwino. Ine m'thupi ndili bwino. Kalata iyi uwerenge uli wekha, ukatha uiike pansi pa zovala m'bokosi.

M'envulopumu mulibe ndalama. Sopo ndi shuga zili kwa Nesru.

Ato Yibgeta wabwera. Ndinalowa mu ofesi yake nditakonzeka kukangana za 26,000, koma nkhani ndinaipeza itasintha. Anandilandira bwino, n'kundifunsa za kumudzi, paja kwawo n'kutsidya kwa mtsinje wathu womwewu. Anafunsanso za miyendo ya Mayi. Kenako anatulutsa kabokosi kanga, kotsegula, n'kukaika patebulo. M'kati mwake munali dzimbiri lobiriwira. Anati kampani imasintha ulere kabokosi kamene kafa kokha, osati kamene mwini wake wachita kukasambitsa. Makaniko uja anamuuza zonse zimene ndinalankhula pa khofi paja, ndi malo omwe amene ndinalozera.

Ndinati, "Ato Yibgeta, uthenga wanu womwe ukunena kuti mphira ndi wolakwika. Mvula ya chaka chino mwaiona. Pa Saris madzi amafika m'mawondo. Mukudziwa bwanji kuti amene analowamo ndi anga?"

"Nanga iwe ukudziwa bwanji kuti si ako?" anatero. "Ndikatumiza kabokosika ku China ndi bodza, akandilanda ntchito yonse. Anthu onse ukuwaona panjawa amadyera pano."

Mtengo wa katsopano ndi 190,000, ya manja payokha. Ndiponso kuyambira tsiku limene anapeza madziwo, galimoto ikulipira malo, 300 pa tsiku, ngati ili ku nyumba ya alendo. Ndinatuluka mutu utaima. Madalaivala anzanga aja, atamva kuti nkhani yanga ndi ina, analipira ya manja mmodzimmodzi n'kutenga magalimoto awo. Sindikuwada. Aliyense ali ndi ana.

Chimene chikundiwawa n'chakuti palibe anandifufuza. Ndinadzipereka ndekha ndi pakamwa pangapa. Takisi yakale ija injini yake inkatentha, ukathira madzi ankangoti fuu n'kuuma. Iyi m'kati mwake simutentha. Zimenezi ndikuziganiza lero, tsiku lija sizinandibwerere.

Mayi asamve. Anayenda ndi miyendo yawo ija kukatunga madziwo ku kasupe, ndipo akadziwa kuti akutchulidwa pa mlandu sadzadyanso. Pa foni ukandimva ndikuseka, nawenso uziseka.

Tenkir


Addis Ababa, 27 Julayi

Lakech,

Kalata yako ndalandira, ndipo ndaiwerenga kangapo, ngakhale kuti kamodzi kanali kokwanira kumva kuti wakwiya. Ndili bwino. Chimfine chinandigwira koma chapita.

Ng'ombe usagulitse. Ngakhale utaigulitsa pamodzi ndi khola siingakwane mtengo wa kabokosi, ndiye tidzakhala tataya ziwiri. Ndolo zako zagolide nazonso zikhale m'makutu momwemo.

Nesru ndinamuyamikira msanga. Makalata sawerenga, koma maso ali nawo, ndipo pakamwa pake sipatseka. Inde, zimene wakuuza za manja anga n'zoona. Mnzanga uja anapeza m'bale wake woti aziyendetsa galimoto yake, ndiye ndabwereka bokosi la polishi, ndimakhala pa Megenagna. Nyengo ya matope ino nsapato sizisowa. Ntchitoyi manja sanaiiwale, amene akuvuta ndi maso. Ndimayang'ana pansi, kuopa kuti phazi limene lakwera pa bokosi lingakhale la munthu amene ndinamunyamulapo pa galimoto. Ana asadziwe. Za kumene ndikugona tidzakamba ndikabwera.

Muli 1,200. Ugule mankhwala a miyendo ya Mayi, zinazo uone wekha.

Ndinapita kwa loya wina amene amathandiza madalaivala. Akuti mlandu wanga ndi wabwino ndithu, poti kampani inavomera yokha kuti mphira ndi wolakwika, koma ku khoti ungadzalowe chaka chamawa. Chipereganyu ndalephera kawiri. Gashe Shikur, mkulu wa chipereganyu chathu, anandiitanira pambali n'kunena kuti anthu andipirira mpaka kutha kwa Ogasiti. Kupitirira apo agulitsa galimoto mmene ililimo, yakufa, ndipo wogula galimoto yakufa ya mtundu uwu ndi Ato Yibgeta yekha, pa mtengo umene iye anganene. Zikatero ngongole idzatsala, galimoto palibe.

Nesru akuti nkhaniyi ndi yosavuta. Ndingokana basi. Pa khofi paja panalibe mboni, ndiye ndinene kuti ndinkangocheza, palibe chimene ndinathira. Akuti bodza lobweza chinthu chako chomwe si bodza, ndi nzeru. Iye ndi Msilamu wopemphera, koma akuti za mphira wa ku China Mulungu salowererapo. Ndikamaganiza ndimaona ngati akunena zomveka. Iwe ukuti bwanji?

Tenkir


Addis Ababa, 14 Ogasiti

Lakech,

Moni nonse. Ndili bwino. Kusala kudya kwa mwezi uno kwandipeza nditazolowera kale.

Gashe Shikur wavomera kuitenga nkhaniyi. Akuti ine ndi Ato Yibgeta timamwa mtsinje umodzi, ndiye n'zochititsa manyazi kuti tikaweruzidwe ndi alendo akuluakulu athu alipo. Anapita yekha ku Kality. Ato Yibgeta poyamba anati imeneyi ndi nkhani ya kampani, si ya malire a munda, koma munthu amene akufuna kudzaikidwa kwawo sakana akuluakulu akamuitana. Tidzakumana kusala kukatha, pabwalo la tchalitchi cha Mikayeli Woyera kuno, Lamlungu tikatuluka m'mapemphero.

Gashe Shikur anandichenjeza kuti kumeneko sayang'ana mapepala. Mawu akasiyana, amalumbiritsa. Ukudziwa mmene zimakhalira: wansembe amagwira mtanda, iwe n'kuikapo dzanja, n'kutchula ana ako mayina.

Yankho lako ndaliona. Tsamba lonse unalemba za denga ndi za mbuzi ya a neba, kenako pansi penipeni mzere umodzi: ana anga usawaike pa lumbiro. Ndinakwiya nawe tsiku lonse. Ndinati iyeyu akulankhula ali pansi pa denga, ine ndili pa msewu ndi burashi. Koma Meaza ndi Biruk ndi anganso, ndipo banja lija la kumtunda tonse tinaliona mmene linathera, bambo wawo atalumbira zabodza pa nkhani ya mitengo. Kaya zinangochitika, kaya ndi lumbirolo, ine sindikufuna kukhala woyesera. Kumeneko ndikanena zoona basi. Ndikuuziretu kuti zoonazo zikhoza kutitayitsa galimoto, ndipo tsiku limenelo usadzandiyang'ane ngati ndinachita ndekha.

Sabata yatha ndinadutsa ku galaja kukangoiona. Anaikankhira kumbuyo, pafupi ndi matayala akutha, ndipo mbalame zaipanga chimbudzi. Ndinapempha mlonda kuti ndiipukute. Anati sangandilole kuyandikira ndi madzi, n'kuseka. Ndiye kuti ku Kality konse akundidziwa.

Ukuti Mayi akufunsa kuti ndi sevisi yanji yosatha. Uwauze kuti chitsulo chake chimachokera kutali.

Nsalu yanga yoyera yofunda ku tchalitchi ija ili m'bokosi mwako. Uichape, umupatse Nesru. Sindikufuna kukaima pamaso pa akuluakulu ndikununkha polishi. Muli 900.

Tenkir


Addis Ababa, 31 Ogasiti

Lakech,

Tili moyo, ndipo ndikhulupirira nanunso. Nsalu inafika, yoyera bwino. Khala pansi ndikuuze mwandondomeko, poti Nesru akakufotokozera ayambira kumapeto.

Tinakhala pansi pa mitengo kuseri kwa tchalitchi, akuluakulu athu ndi wansembe ali kutsogolo. Ato Yibgeta anabwera ndi makaniko uja, kabokosi kali m'jumbo. Anafotokoza bwino, mosakweza mawu, n'kuyendetsa kabokosiko kuti aliyense aone dzimbiri. Akuluakulu ankakatembenuza mwaulemu, ngakhale ndikukayika ngati analipo wodziwa kuti kumwamba kwake ndi kuti.

Kenako Gashe Shikur anandifunsa ngati ndinathira madzi m'galimoto. Wansembe anali atayamba kale kutulutsa mtanda m'thumba. Ndinati asavutike, ndinathira, chigubu chonse, ndi manja angawa. Nesru, amene anali kumbuyo kwanga, anausa moyo ngati tayala likuphwa. Ato Yibgeta anatambasula manja, kusonyeza kuti nkhani yatha. Inenso ndinaona kuti yatha. Ndinayamba kuganiza za munthu amene ndingamugulitse chingwe chotchajira.

Gashe Shikur sanafulumire. Anafunsa kuti madziwo anali a pa mpopi kapena a mumtsinje. Ndinati anali odalitsidwa, a pa kasupe wa Mikayeli Woyera kwathu, ndipo anatunga ndi Mayi. Anafunsa makaniko ngati poyang'ana dzimbiri angasiyanitse la mvula ndi la madzi ena. Makaniko anati dzimbiri ndi dzimbiri. Anamufunsanso ngati magalimoto ena aja, amene sanamwe chigubu, m'timabokosi tawo munalibe madzi. Anayang'ana kaye bwana wake, kenako anati mwina munali, mwina munalibe.

Pamenepo mkuluyo anatembenukira kwa Ato Yibgeta.

"Mwana wathu Yibgeta, mnzako wavomera zake popanda kulumbira. Mawu otsala ndi ako. Ukuti chimene chinapha galimotoyi si mvula, si mphira wa kampani, koma madzi a pa kasupe wa Mikayeli Woyera. Ngati ukudziwadi, mtanda ndi uwo. Ika dzanja, utchule ana ako, unene choncho. Ukatero Tenkir wagwa nawo mlandu, ife tigulitsa galimoto lero lomwe."

Lakech, iwe ukudziwa zimene aliyense pamenepo ankadziwa. Mkazi wa Ato Yibgeta anakhala zaka zambiri wopanda mwana, mpaka anakakhala pa kasupe yemweyo akumwa madziwo ndi kusamba. Mwana wawo woyamba dzina lake ndi Gebremikael, kutanthauza mtumiki wa Mikayeli. Denga la malata la pa kasupepo anakhoma ndi Ato Yibgeta yemweyo, pothokoza.

Anati iye sakunyoza madzi odalitsidwa, akungonena kuti madzi ndi madzi, magetsi sadziwa kusiyanitsa. Gashe Shikur anati zimenezo n'zomveka, koma funso si limenelo. Funso ndi lakuti madzi amene anapha kabokosi ndi ati, ndipo ngati akuwadziwa awatchule dzanja lili pa mtanda. Wansembe anangotambasula mkono. Ato Yibgeta anauyang'ana mtandawo nthawi yaitali. Ndikuuze zoona, ndinamumvera chisoni, chifukwa zimene ankanenazo mwina n'zoona, ndipo ine mwini ndimaziganiza.

Potsiriza anati, "Abambo anga, sindingalumbire. Sindinaone dontho limene linalowa."

Chigamulo n'chakuti kabokosi kapite ku kampani ngati tina tonse, poti palibe angatsimikize chimene chinakapha. Ndalama za malo zija zafafanizidwa. Ya manja ndi ya kompyuta tigawana pakati, chifukwa akuti inenso ndinachedwa kupita atandiitana, ndiponso munthu wamkulu sakhuthulira chigubu pa mawaya. Pamenepo anthu anaseka, ine ndinaseka nawo. Anatiuza kuti tipsompsonane pa mapewa, tinatero. Phewa lake linali louma ngati chipika.

A chipereganyu awonjezera mwezi umodzi. Gawo langa la 13,000 ndilipeza, usagulitse kanthu. Muno mulibe ndalama.

Tenkir


Addis Ababa, 19 Seputembala

Lakech,

Chaka chatsopano chabwino kwa nonse, paja kwathu kuno chimalowa mwezi uno, ngakhale ndachedwa nacho. Ndili bwino, ndipo ulendo uno ndikunena zoona.

Galimoto yatuluka Lachinayi lapitali. Ikutchaja, ikuyenda. Bokosi la polishi ndabweza kwa mwini wake. Muli 4,000, zambiri zikupita ku chipereganyu kukakwirira maenje amene ndinasiya.

Pali china. Potenga makiyi, Ato Yibgeta anatuluka yekha mu ofesi. Sanakalipe. Anati, "Tenkir, akuluakulu anandiuza kuti ndikonze galimoto yako, ndakonza. Sanandiuze kuti ndizikukonzera mpaka kalekale. Pa geti ili usadzalowenso." Mu mzinda muno kompyuta yoyezera magalimoto a mtundu uwu ili kwa iye yekha. Ndiye ndikuyendetsa ngati ndanyamula mazira, ndipo ndikaona chithaphwi ndimazungulira. Kanyali kofiira kakadzayakanso tidzaona pomwepo. Kwa Gashe Shikur sindibwererako, ndamuvutitsa kale mokwanira.

Ndifika Meskel isanakwane, mwina Lachitatu. Ndidzatchaja ku Welkite, koma upite kwa mwini chigayo ukamufunse ngati angandilole kulumikiza chingwe kwa iye, ndidzalipira. Biruk ayambe kutola nkhuni za moto wa chikondwerero, ndipo mipeni inoledwe. Diresi yako ya chaka chino ndalephera. Undikhululukire.

Tsopano za Mayi. Ukuti nkhani yawafika kudzera kwa anthu amene abwera msanga ku chikondwerero, ndipo kuyambira pamenepo sakudya, akungoti ndamuwonongera mwana wanga chuma. Ndinadziwa kuti sizibisika. Nkhani imene yakambidwa pabwalo la tchalitchi imafika kumudzi basi isanafike. Usawanamizenso, zakwana. Gawo ili uwawerengere mokweza, pang'onopang'ono.

Mayi, ndine Tenkir. Galimoto ili bwino, ndibwera nayo, ndipo mudzakwera kutsogolo. Amene anatsegula boneti ndine, si inu. Inu munatunga madzi n'kunditumizira monga mwakhala mukuchitira chichokereni ine pakhomo. Mukufunsa ngati madzi anuwo ndi amene anapha galimoto. Funso limenelo linafunsidwa pamaso pa akuluakulu, wansembe atagwira mtanda, kwa munthu amene anatsegula kabokosiko n'kuona m'kati mwake, munthu amene akanapindula ndalama zambiri akanangoti inde. Sanathe kunena. Ngati iye sanathe, inu musadziweruze nokha. Idyani.

Ndine mwana wanu, ndiponso mwamuna wako, Lakech,
Tenkir